Pasipoti Ilipo, Chilolezo Palibe: Ulendo wa Anthu a ku Mulanje Okasaka Ntchito Kunja

Chilolezo chogwirira ntchito, chimene anthu ambiri amangochitcha pemiti, ndi chikalata chimene boma la dziko lina limapereka kwa mlendo pomulola kulembedwa ntchito yolipidwa m'dzikomo, ndipo chimasiyana ndi pasipoti, imene munthu amaitenga ku boma la kwawo kuti izimuchitira umboni wa unzika wake, komanso chimasiyana ndi chidindo cha pachipata, chimene chimalola mlendo kucheza kwa masiku owerengeka popanda kugwira ntchito. Pa kusiyana kwa zinthu zitatuzi ndi pamene pagona mavuto ambiri a anthu a m'boma la Mulanje amene amatuluka m'dziko muno kukasaka ntchito, pakuti ambiri amanyamuka pasipoti ili m'thumba, amadinditsa bwinobwino pamalire, koma chilolezo chenichenicho sachiona n'komwe. Chimene chimawalepheretsa si ulesi kapena kusadziwa kokha, koma n'chakuti malamulo a mayiko amene amapitako adalembedwa poganizira dokotala ndi injiniya, osati wothyola tiyi, mmisiri womanga nyumba amene alibe satifiketi, kapena mtsikana amene sukulu adalekezera Fomu 2.

Pa kalembera wa mu 2018, boma la Mulanje lidapezeka ndi anthu 684,107, ndipo anthuwa amakhala mothinana kwambiri chifukwa gawo lalikulu la bomali ndi phiri pamodzi ndi nkhalango yake yotetezedwa, pamene nthaka yabwino ya m'munsi mwa phirilo, kumene mvula imagwa yambiri, ili m'manja mwa maesiteti a tiyi monga a Lujeri ndi a Eastern Produce. Ntchito ya m'maesitetimo imachuluka m'dzinja, tiyi akamaphuka msanga, ndipo imachepa m'chilimwe, kotero kuti antchito ambiri amalembedwa kwa miyezi yochepa chabe pachaka. Mbewu zimene mabanja ankadalira pa ndalama nazo zakhala zikukhumudwitsa, popeza nthochi zidaonongeka ndi matenda a chisaka, mtengo wa nandolo udagwa mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, namondwe wa Freddy adakokolola minda ndi nyumba mu Malichi 2023, ndipo mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wachinyamata amene amaona mnzake atatumiza ndalama za malata kuchokera ku Joni, ndiko kuti ku South Africa, safunika womunyengerera kuti naye anyamuke.

N'zofunika kukumbukira kuti Mulanje weniweniyo adamangidwa ndi anthu obwera kudzasaka ntchito. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri adaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa msonkho, nkhondo ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo adakhazikika m'minda ya azungu pansi pa thangata, ndiko kuti dongosolo limene banja linkagwirira ntchito mwini malo m'malo molipira lendi, mpaka pamene lidathetsedwa mu 1962. Lero ulendowo umapita mbali zonse ziwiri, chifukwa pachipata cha Muloza, chimene chimayang'anizana ndi Milange, ndi m'njira zina zambiri zopanda chipata, anthu amaoloka tsiku ndi tsiku kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique kapena kukapikula chimanga chodzagulitsa pa Limbuli, ndipo palibe amene amaganiza za pemiti, popeza mbali zonse ziwiri kuli abale a mtundu umodzi ndi chiyankhulo chimodzi. Kuzolowera malire otere n'kumene kumachititsa ena kuganiza kuti malire onse ndi chimodzimodzi, pamene a kutali ali ndi makompyuta osunga tsiku limene munthu adalowa ndi limene ayenera kutuluka.

Ulendo wa kutali nawo ndi wakale. Bungwe la eni migodi ya golide ku South Africa lotchedwa Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu adalifupikitsa kukhala Wenela, lidayamba kulemba amuna a ku Nyasaland mu 1903, koma mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kutenga anthu a kumayiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, ndipo kulembaku kudayambiranso m'zaka za m'ma 1930, ngakhale eni minda a ku Mulanje ndi ku Thyolo ankadana nako poona kuti kukuwalanda antchito otchipa. Padalinso Mthandizi, amene ankalemba anthu opita kuminda ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ndiponso aselufu, amene ankadzipitira okha popanda bungwe lililonse, ndipo ena mwa iwo sadabwererenso kumudzi, n'kusanduka matchona. Dziko litalandira ufulu, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidasainirana pangano la zantchito ndi South Africa mu 1967, ndipo pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya kumeneko. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu adaimitsa kulembako mpaka mu 1977, pamene kudayambiranso pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene lidabala mawu akuti kupita ku Theba.

Mapeto ake adafika mu 1988, pamene dziko la South Africa lidafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe ndipo boma la Malawi lidakana, kotero kuti pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi. Katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chijere Chirwa adaonetsa m'zolemba zake kuti nkhani ya kachilomboyi idali chonamizira, chifukwa eni migodi adali atayamba kale kuchepetsa alendo kuti azidalira antchito okhazikika a m'dziko mwawo momwemo. Palibe chifukwa chokometsera Wenela, pakuti amuna ankagona mothithikana m'makomboni kutali ndi mabanja awo, ankalandira malipiro a tsankho, ndipo ankapuma fumbi limene lidawaononga mapapo. Komabe dongosololi lidali ndi chinthu chimodzi chimene mdzukulu wa amuna amenewo alibe lero: munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake ankapita ndi mapepala ovomerezeka ndi maboma awiri, atayezedwa m'thupi, ulendo wopita ndi wobwerera utalipiridwa, nambala yake italembedwa m'kaundula, ndipo gawo lina la malipiro ake ankadzalilandira atafika kuno. Chiyambire pamene TEBA idasiya kulemba Amalawi, sipadakhalenso njira ina yovomerezeka yoti munthu wamba wa kwa Mabuka, kwa Nkanda kapena kwa Njema akagwire ntchito ku South Africa, koma anthu sadasiye kupita.

Wofuna kupita lero amayamba ndi chitupa cha unzika, chimene bungwe la National Registration Bureau lakhala likupereka kuyambira mu 2017, kenako n'kukwera minibasi ya msewu wa Midima kupita ku ofesi ya nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko ku Blantyre, kumene amakajambulidwa ndi kudinda zala. Ngakhale gawo loyambali lakhala lovuta m'zaka zapitazi, popeza boma lidathetsa pangano ndi kampani yosindikiza mapasipoti ya Techno Brain mu Disembala 2021, ndipo mu Febuluwale 2024 Lazarus Chakwera, yemwe pa nthawiyo adali Pulezidenti, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta a nthambiyo, zimene zidaimitsa kusindikiza kwa milungu ingapo, ntchitoyo isanayambirenso pa mtengo wotsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Mizere ikatalika, madobadoba, amene amaima pakati pa wopempha ndi ofesi n'kumalonjeza kufulumizitsa zinthu, amapeza podyera, ndipo munthu wa kumudzi amene wagulitsa mbuzi kuti afike m'tauni ndiye amagwa m'manja mwawo mosavuta.

Pasipoti ya Malawi imalola mwiniwake kulowa ku South Africa popanda viza n'kukhalako masiku 30 ngati mlendo wocheza, ndipo ambiri amadzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kaya pa basi kaya m'manja mwa matransipota, amene amatenga munthu pangongole yodzalipira akayamba ntchito. Lamulo la kumeneko loona za alendo, la mu 2002, limene ndondomeko zake zidakhwimitsidwa mu Meyi 2014, sililola mlendo wocheza kusintha chidindo chake kukhala chilolezo cha ntchito ali m'dziko momwemo, koma limafuna kuti apemphe ali kwawo, atapeza kale womulemba. Zilolezo zikuluzikulu zilipo ziwiri: chimene amachitcha Critical Skills Work Visa, cha anthu a maluso amene boma lidawalemba pamndandanda wa maluso osowa, ndi General Work Visa, cha ntchito zina zonse, ndipo zonsezi zimafuna pangano lolembedwa la ntchito, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti wopemphayo alibe mlandu, kalata ya dokotala, ndi masatifiketi ounikidwa ndi bungwe lawo loona za maphunziro la SAQA. Mu Okutobala 2024 nduna yoona za m'dziko, Leon Schreiber, idakhazikitsa njira yowerengera mapointi, imene imafuna kuti wopempha akwanitse mapointi 100 kuchokera pa maphunziro ake, malipiro amene walonjezedwa, zaka zimene wagwirapo ntchito ndi zina, ndipo mapointi a malipiro amayambira pa ndalama zopitirira R650,000 pachaka. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dzikomo adali R28.79 pa ola kuyambira mu Malichi 2025, ndiko kuti wosamalira maluwa, wantchito wa m'nyumba kapena wothandiza m'sitolo amapeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama imene lamulo limayambira kuwerenga.

Apa m'pamene pali kusiyana kowawa pakati pa Amalawi ndi anzawo oyandikana nawo. Nzika za Zimbabwe zidapatsidwa zilolezo zapadera kuyambira mu 2010, zimene pambuyo pake zidatchedwa Zimbabwe Exemption Permit, ndipo nzika za Lesotho zidalandiranso zawo, kotero kuti anthu zikwizikwi opanda maluso apamwamba adatha kugwira ntchito, kutsekula akaunti ku banki ndi kulembetsa ana kusukulu mosabisala. Amalawi, amene makolo awo adakumba golide wa Johannesburg kwa zaka zambirimbiri, alibe chilolezo chotere. Masiku 30 akatha, Mmalawi amasanduka wophwanya lamulo, ndipo akapezeka pachipata atapyola ndi masiku osakwana 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, pamene akapyola kuposa pamenepo amaletsedwa zaka zisanu, ndipo wogwidwa m'kati mwa dziko amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira tsiku lobwezedwa. Ena amabwerera pa Beitbridge mwezi uliwonse kukadinditsa, ena amatumiza pasipoti yokha ndi anthu a mabasi, zimene ndi mlandu pazokha, koma ngakhale chidindo chikhale chatsopano chotani, sichisanduka chilolezo cha ntchito.

Wogwira ntchito popanda chilolezo sikuti alibiretu ufulu pamaso pa lamulo, chifukwa mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, bwalo la zantchito la ku South Africa lidagamula kuti mlendo wopanda chilolezo ndi wantchito ndithu ndipo angathe kukadandaula akachotsedwa mopanda chilungamo. Vuto n'lakuti munthu amene amaopa wapolisi aliyense sayerekeza kukaonekera ku ofesi ya boma, ndipo mabwana oipa amadziwa zimenezi. Mu Novembala 2019 apolisi ndi oyendera malo a ntchito adapeza Amalawi 91, mwa iwo ana 37, atatsekeredwa m'fakitale ina ku Village Deep mu Johannesburg, ndipo nzika zisanu ndi ziwiri za ku China zidapezeka zolakwa pa mlandu wozembetsa anthu n'kulamulidwa mu 2025 kukhala m'ndende zaka 20 aliyense. Kusowa mapepala komweko n'kumene kumakankhira anthu m'nyumba zogumuka za m'kati mwa mzinda, monga ya Usindiso ku Marshalltown, imene idapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu 76, Amalawi ali m'gulumo, ndipo n'kumene kumawasiya opanda pogwira ziwawa zodana ndi alendo zikabuka, monga zidachitikira mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019.

Poona zonsezi, munthu angaganize kuti yankho ndi chilolezo basi, koma nkhani ya ku Israel idaonetsa kuti chilolezo nacho chili ndi msampha wake. Nkhondo ya ku Gaza itayamba mu Okutobala 2023, antchito ambiri a ku Thailand adachoka m'minda ya ku Israel ndipo Apalestina adaletsedwa kulowa, kotero kuti alimi adasowa owathyolera zipatso, ndipo pa 25 Novembala achinyamata 221 a ku Malawi adakwera ndege kupita kumeneko, atalembedwa kudzera m'makampani a anthu wamba. Amene adaulutsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo adali phungu wa dera la pakati m'boma la Mulanje, Kondwani Nankhumwa, yemwe pa nthawiyo adali mtsogoleri wa mbali yotsutsa, ndipo adadzudzula kuchita zinthu mwachinsinsi ndi kutumiza achinyamata kudziko limene lili pankhondo, pamene boma lidati likupezera achinyamata ntchito ndi kubweretsa ndalama zakunja. Pangano la pakati pa maboma awiriwa lidasainidwa mu Epulo 2024, anthu atapita kale, ndipo mwezi wotsatira Amalawi 12 adabwezedwa kwawo atapezeka kuti achoka m'minda n'kukagwira ntchito kumalo ophikira buledi. Ena mwa amene adali kumeneko adadandaula m'manyuzipepala kuti ankalandira zochepa kuposa zimene adalonjezedwa, koma chilolezo chawo chidali cha ntchito ya kumunda yokha, ndipo kuchoka kumundako kudali kutaya ufulu wokhala m'dzikomo. Wantchito wotere ali ngati mkamwini, amene malo ake pamudzi amadalira ukwati, ndipo ukwatiwo ukatha amanyamula zake ngakhale munda adaulima ndi iye.

Kumayiko ena a Aluya kumangirira kumeneku n'kokhwima koposa, chifukwa kuli dongosolo lotchedwa kafala, limene limaika chilolezo cha mlendo m'dzina la womulemba ntchito, kotero kuti wantchito wa m'nyumba sangasinthe bwana mwa kufuna kwake, ndipo akathawa nkhanza amalembedwa ngati wothawa ntchito n'kumasakidwa ndi apolisi. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC idaulutsa kafukufuku wa amayi a ku Malawi oposa 50 amene adapezeka m'mavuto otere ku Oman, ambiri atakopedwa ndi malonjezo a pa Facebook ndi WhatsApp, atalandidwa mapasipoti atangofika, ndipo ena atamenyedwa kapena kugwiriridwa, mpaka pamene adathandizidwa kubwerera. Amayi amenewa adalowa m'dzikomo ndi mapepala, ndipo mapepala omwewo ndiwo adawamanga. Lamulo la Malawi lothana ndi kuzembetsa anthu, la mu 2015, limapereka chilango cha zaka mpaka 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka mpaka 21 kwa wozembetsa mwana, ndipo kulemba munthu ntchito mwachinyengo ndi cholinga chokamudyera masuku pamutu kumalowa m'lamulo limeneli ngakhale munthuyo adavomera yekha kukwera ndege.

Anthu a ku Mulanje amene njira yovomerezeka imawatsekukira ndi ophunzira ochepa, makamaka anamwino, monga amene amatuluka pasukulu ya unamwino ya Mulanje Mission. Namwino wofuna kupita ku Britain amayenera kukhoza mayeso a Chingerezi, kuvomerezedwa ndi bungwe la anamwino la kumeneko, ndi kupatsidwa nambala yotchedwa Certificate of Sponsorship ndi chipatala chimene boma la Britain lidachilola kulemba alendo, koma chifukwa Malawi ali pamndandanda wa bungwe la WHO wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, zipatala za ku Britain siziloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno, ngakhale namwino payekha ali ndi ufulu wofunsira. Njira ya osamalira okalamba, imene anthu opanda digiri ankaidalira, idatsekedwa kwa ofunsira ali kunja mu Julayi 2025, ndipo aliyense amene akugulitsabe malo a ntchito yotere kwa munthu wa pa Chitakale ndi wakuba.

Zimene munthu payekha angachite n'zochepa koma n'zofunika, monga kuona pangano lolembedwa asanalipire ndalama iliyonse, kusiya kope lake ndi la pasipoti kwa abale, kuwerenga pa viza ngati palembedwa ntchito kapena kucheza, ndi kukafunsa ku ofesi ya zantchito ya paboma ngati womulembayo akudziwika ku unduna. Udindo waukulu uli ndi boma, limene limayembekezera ndalama zotumizidwa kudzera ku Mukuru ndi m'mabanki koma limachedwa kuteteza ozitumizawo. Pangano lililonse lotumiza antchito kunja liyenera kuikidwa poyera m'Chichewa ndege isananyamuke, liyenera kunena malipiro ndi zodulidwa zonse, liyenera kulola wantchito wozunzidwa kusintha bwana osataya chilolezo, ndipo nkhani ya chilolezo chapadera cha Amalawi a ku South Africa iyenera kukhala pamwamba nthawi iliyonse atsogoleri a mayiko awiriwa akakumana, chifukwa kumeneko n'kumene anthu ambiri ali, osati ku Israel kapena ku Britain.

Ubwino wa mapepala umaonekeranso patapita zaka zambiri ntchito itatha. Mu Julayi 2019 bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza chipepeso cha R5 biliyoni chochokera ku makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide, kuphatikizapo Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields ndi Harmony, cha anthu amene adadwala chifuwa chachikulu kapena silikosisi, ndiko kuti matenda a mapapo obwera chifukwa chopuma fumbi la miyala, atagwira ntchito m'migodi yawo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019. Ndalamazi zimayendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust, ndipo mkulu wa kwa Chikumbu amene adapita ku Theba, kapena mkazi wake wamasiye, angathe kupempha ngati mbiri ya ntchito yake ikupezeka m'kaundula wa migodi ndipo madokotala atsimikiza matendawo. Mdzukulu wake amene akusakaniza simenti ku Durban pa chidindo cha masiku 30 salembedwa m'kaundula wina aliyense, ndipo akavulala kapena kumwalira kumeneko, ndalama zobweretsera iye kapena thupi lake pa Mwanza zimachokera m'matumba a anzake a kumudzi amene amasonkherana.